Mawu Omveka Kamodzi: Kusankha Mawu m'Madokumentale a Pawayilesi ndi Pakanema

Munthu wowerenga buku akakumana ndi mawu achilendo amaima, n'kubwerera pachiyambi pa chiganizo, mwinanso n'kufunsa mnzake kapena kutsekula mtanthauziramawu. Womvera wayilesi alibe mwayi umenewu. Mawu amamudutsa kamodzi, ndipo pamene iye akusinkhasinkha za liwu limene lamuphonya, woulutsa amakhala atafika kale pachiganizo chachitatu. Kusiyana kumeneku n'kodziwika kwa aliyense, koma kumaiwalika msanga wolemba akakhala pansi kuti akonze m'Chichewa pulogalamu yofotokoza mbiri yakale, sayansi, chikhalidwe kapena zochitika m'dziko. Mapulogalamu oterewa, amene pa Chingerezi amatchedwa documentary, ndiwo amasenza mawu ovuta ochuluka kuposa ena onse a pawayilesi ndi pakanema, ndipo ndiwonso amene womvera amawakhulupirira kwambiri. Sewero likakokomeza nkhani, womvera amadziwa kuti ndi sewero. Koma pulogalamu yamtundu uwu ikasankha mawu molakwika, cholakwikacho chimalowa m'mutu mwa mwana wasukulu ngati chiphunzitso, ndipo wovutika kuchizula amadzakhala mphunzitsi.

Dzina la mapulogalamuwa

Mawu a Chingereziwo si akale kwenikweni pa ntchito imeneyi. Adawatchukitsa ndi John Grierson wa ku Scotland, yemwe adawagwiritsa ntchito m'chaka cha 1926 polemba m'nyuzipepala ya New York Sun za filimu yotchedwa Moana, imene Robert Flaherty adajambula pa zilumba za Samoa. Afalansa adali atayamba kale kutchula mafilimu a zaulendo ndi mawu ofanana nawo. Tsinde lake ndi mawu otanthauza chikalata chosunga umboni, motero ganizo limene lili m'dzinali ndi la chinthu chojambulidwa kuti chichitire umboni za anthu, malo kapena nthawi ina.

Wofuna dzina la Chichewa kawirikawiri amathamangira ku mawu oti kanema wa zoona. Dzinali n'lokoma m'khutu koma lili ndi zilema ziwiri. Limasiya kunja wayilesi, chonsecho m'Malawi wayilesi ya MBC idayamba m'chaka cha 1964 ndipo kanema wa dziko lino adadza mochedwa, m'chaka cha 1999. Pa zaka 35 zapakatizo anthu ambiri mapulogalamu oterewa ankawamva ndi makutu okha. Chilema chachikulu n'chakuti dzinali limalonjeza zimene pulogalamu singathe kukwaniritsa. Flaherty yemweyo adatulutsa m'chaka cha 1922 filimu ya Nanook of the North, yoonetsa moyo wa anthu a mtundu wa Inuit kumpoto kwa Canada. Munthu amene adamutcha Nanook dzina lake lenileni lidali Allakariallak. Iye ankasaka ndi mfuti, koma wojambula adafuna kuti aoneke atagwira mkondo wa makolo ake. Kanyumba ka madzi oundana kamene banja lidaoneka likugonamo kadamangidwa kopanda mbali imodzi kuti kuwala kulowe kokwanira makina ojambulira. Anthuwo adali enieni, malowo adali enieni, koma dzanja la wojambula lidakonza zambiri. Grierson mwiniwake adavomereza kuti ntchitoyi ndi kutenga zenizeni n'kuzisanja mwaluso.

Pa chifukwa chimenechi mawu oti pulogalamu ya zenizeni ndi oyenera kuposa oti ya zoona. Amauza womvera kuti anthu, malo ndi zinthu zimene akumva si zopeka, koma salumbira m'malo mwa wokonza pulogalamu kuti chiweruzo chake chilichonse n'cholondola. Amasiyanitsanso ntchitoyi ndi abale ake atatu: nkhani, zimene zimangonena zochitika lero mwachidule, sewero, limene anthu ake amayerekeza kukhala ena, ndi nthano, imene wosimba ndi womvera onse amadziwa kuti cholinga chake ndi phunziro.

Komabe mawu atatu ndi ambiri pa ndandanda wa mapulogalamu, ndipo ogwira ntchito m'nyumba zoulutsira mawu sadzasiya dzina lalifupi limene adazolowera. Choyenera ndi kulilemba mwa Chichewa ndiponso mofanana. Phatikizo lomaliza limalembedwa le, osati re, pakuti malamulo a kalembedwe a 1990 amaika r pambuyo pa e ndi i, ndipo apa lembolo likutsatira a. Phatikizo lachiwiri ena amalilemba kyu potsatira katchulidwe ka Chingerezi, koma ky mulibe m'mawu a Chichewa chenicheni, ndipo olankhula Chinyanja ku Tete ndi ku Niassa, amene mawuwa amawamva kudzera m'Chipwitikizi, amatchula ku. Kalembedwe ka dokumentale kamakwanira mbali zonse ziwiri za malire. Pa nt palibe chifukwa choonjezera h monga m'mawu oti nthawi kapena munthu, chifukwa mawu obwereka monga simenti ndi pulezidenti adakhazikika kale opanda h. Dzinali limatsata njira ya filimu ndi pulogalamu: dokumentale iyi, madokumentale awa. Si mawu onse obwereka amene amatero. Kanema, ngakhale amayamba ndi ka, salandira mgwirizanitsi wa kanthu kakang'ono: ndi kanema wabwino, osati kanema kabwino.

Womasulira ndiye mwini filimu

Vuto la mawu m'mafilimu ophunzitsa si la lero. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidayendayenda ndi mafilimu m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, Nyasaland ali momwemo. M'chaka cha 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene inkajambula mafilimu a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia. Mafilimu ake ambiri oyambirira adalibe mawu. Galimoto ikafika pamudzi, chinsalu chikapachikidwa, womasulira ankaima pambali n'kumafotokoza zooneka m'chilankhulo cha anthuwo, kotero kuti filimu imodzi inkatha kunena zosiyana m'midzi iwiri malinga ndi pakamwa pa womasulirayo. Pa nthawi yomweyo wayilesi ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja ndi zilankhulo zina, ndipo kuyambira 1949 mawu ake adafika m'nyumba zambiri kudzera m'kawayilesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, kamene kankaoneka ngati sefuliya.

Masiku ano womasulira saimanso pambali pa chinsalu, amakhala pa tebulo ndi pepala. Mphamvu yake ikadali yomweyo: chithunzi chimaonetsa mudzi, nsomba kapena fupa, koma chimene woonera atengepo chimachokera m'mawu.

Mawu a mbiri yakale

Liwu loti mbiri lili ndi matanthauzo angapo. Pali mbiri ya dziko, pali mbiri ya munthu yomwe imatha kukoma kapena kuipa, palinso mbiri yongomveka yomwe mwini wake sadziwika. Wowerenga buku amazindikira tanthauzo poona mutu wa bukulo. Womvera amene watsekula wayilesi pulogalamu ili pakati akamva kuti "mbiri ikuti" sadziwa ngati akuuzidwa zolembedwa m'mabuku kapena mphekesera. Kuonjezera mawu oti yakale, kapena kutchula kumene mbiriyo yachokera, kumachotsa chikaikocho.

Povuta kwambiri ndi pa mawu amene amaweruza mlandu mwakachetechete. Usiku wa pa 23 January 1915 otsatira a Mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adathira nkhondo esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero n'kupha woyang'anira wake, William Jervis Livingstone. Chilembwe adawomberedwa pa 3 February chaka chomwecho. Zimenezi palibe wotsutsa. Koma wolemba dokumentale ayenera kuzipatsa dzina, ndipo dzina lililonse lili ndi mbali yake. Akati chipolowe, wanena kuti padalibe cholinga, udali msokonezo chabe. Akati kugalukira, wavomereza kuti boma limene lidalipo lidali loyenera kulimvera. Akati nkhondo, womvera amaona magulu awiri a asilikali ofanana mphamvu, zimene sizidali choncho. Mawu oti kuukira boma la atsamunda amanena chimene chidachitika ndiponso amene chidamuchitikira, popanda kutamanda kapena kunyoza, ndipo ndiwo oyenera pakamwa pa wofotokoza. Mawu enawo sakuletsedwa. Mdzukulu wa amene adaonako akamafunsidwa angathe kunena kuti nkhondo ya Chilembwe, ndipo mkonzi asamusinthire. Umenewo ndi umboni wa mmene anthu amakumbukirira. Mawu a wofotokoza ndi a wofunsidwa sayezedwa ndi muyeso umodzi.

Nkhani ya Magomero singafotokozeke popanda mawu oti thangata. Mneni woti kuthangata amatanthauza kuthandiza, ndipo kale mawuwa ankanena za kuthandizana ntchito pamudzi. M'maesiteti a kumwera adasanduka dzina la ntchito imene munthu wokhala pa malo a mzungu ankakakamizidwa kugwira m'malo mwa lendi. Mnyamata wa lero amene thangata sadamuone angathe kumva mawuwa m'tanthauzo loyambalo, n'kudabwa kuti anthu adakwiyiranji popemphedwa kuthandiza. Chiganizo chimodzi chotanthauzira, choikidwa pamene mawuwa akumveka koyamba, n'chokwanira. Chimodzimodzinso chitaganya, dzina la mgwirizano wa Rhodesia ndi Nyasaland wa 1953 mpaka 1963: achikulire salifunsa, achinyamata amafunika kuuzidwa kamodzi.

Nthawi ya aneni nayonso imasokoneza. Kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, pomwe m'kulankhula kusiyana kwa nthawi zina kumagona pomwepo. Chiganizo choti "mfumu inasamuka" chingathe kunena za lero lomwe kapena za kale kwambiri malinga ndi katchulidwe. Choti "anthu amalipira msonkho" chingathe kunena za chizolowezi cha masiku ano kapena za zimene zinkachitika kale. Woulutsa amene walandira pepala mphindi zochepa asanayambe kujambula alibe nthawi yofufuza tanthauzo, ndipo amatchula mmene diso lamutsogolera. Wolemba akagwiritsa ntchito da ndi nka, nalemba kuti "mfumu idasamuka" ndi "anthu ankalipira msonkho", mpata wolakwira umatsekeka. Pa zolemba zina kusankha pakati pa na ndi da kungakhale nkhani ya chizolowezi cha dera; m'dokumentale ya mbiri yakale ndi nkhani ya tanthauzo.

Palinso kamawu koti akuti. Omasulira amakakonda chifukwa n'kakafupi, ndipo amakaika paliponse pamene Chingerezi chasonyeza kuti nkhani ili ndi gwero. Komatu m'Chichewa akuti amachotsa wolankhula pa mlandu: iye wangomva, asafunsidwe. Dokumentale yonena za chiyambi cha Achewa idzatchula mapazi a anthu oyamba amene adadindika pathanthwe ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Idzatchula ulendo wochokera ku Uluwa. Idzatchulanso mapale a mbiya amene ofukula zakale adapeza m'nthaka ndi kuyeza zaka zake. Zitatuzi n'zolemekezeka, koma umboni wake ndi wosiyana, ndipo zikayamba zonse ndi akuti zimamveka ngati mphekesera za msinkhu umodzi. Chichewa chili ndi njira zokwanira zozisiyanitsira: makolo amasimba kuti, osunga mbiri ya mafumu amafotokoza kuti, akatswiri atayeza adapeza kuti, umboni umene ulipo ukusonyeza kuti. N'zazitali, koma ndizo zimapangitsa pulogalamu kuyenera dzina lake.

Gule Wamkulu

Pa zachikhalidwe chitsanzo chimodzi chikwanira. Bungwe la UNESCO litazindikira Gule Wamkulu m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, alendo ambiri adamujambula, ndipo mawu awo a Chingerezi amanena za ovina ovala zophimba nkhope. Kumasulira mawu amenewa mmene alili n'kulakwira eni mwambo, pakuti kwa iwo chotuluka kudambwe si munthu wovala kanthu, ndi chirombo, ndipo kunena mwina pagulu la osavinidwa n'kuulula zosaululika. Mlendo wa ku Ulaya amene akuonera m'Chingerezi sakhudzidwa. Wayilesi ya Chichewa imamveka pabwalo pomwe pali amayi ndi ana a m'mudzi womwewo. Wofotokoza angathe kunena kuti gule watuluka, zirombo zafika pabwalo, n'kutchula mayina ake monga kasiyamaliro, popanda kunama ndiponso popanda kuulula. Apa kumasulira kokhulupirika ku pepala la Chingerezi n'kumene kumakhala kosakhulupirika kwa womvera.

Mawu a sayansi

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto la Chichewa pa sayansi n'kuchepa kwa mawu. Nsomba za m'nyanja ya Malawi zimasonyeza kuti nkhaniyi si yophweka chotero. Msodzi amasiyanitsa chambo, utaka, mbuna, kambuzi, mcheni, usipa, mpasa ndi kampango, ndipo dzina loti mbuna, lochokera m'Chitonga, akatswiri a dziko lonse adalibwereka chifukwa iwo adalibe lawo. Chimene Chichewa chilibe ndi dzina limodzi lomanga pamodzi chambo, utaka, mbuna, kambuzi ndi mcheni n'kusiya kunja usipa, mpasa ndi kampango. Asayansi gulu limeneli amalitcha cichlid, ndipo madokumentale onse a nyanjayi amazungulira pa mawu amenewo, chifukwa chodabwitsa cha nyanja ya Malawi n'chakuti muli mitundu yoposa 700 ya gulu limodzili, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse.

Womasulira amene alemba kuti nsomba basi wataya nkhani yonse. Amene alemba kuti chambo wanena zabodza, pakuti chambo ndi kagawo kakang'ono ka gululo. Kubwereka n'kulemba sikilidi n'kothandiza m'buku la sekondale, momwe wophunzira adzakumana ndi mawuwo pamayeso, koma pawayilesi ndi phokoso chabe kufikira litatanthauziridwa. Njira yogwira khutu ndi yoyambira pa chimene womvera akudziwa: nsomba za banja la chambo. Ndipo pali khalidwe limene pafupifupi nsomba zonse za banjali m'nyanjayi zili nalo, lomwe msodzi aliyense adalionapo: yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa. Wofotokoza akanena kamodzi kuti "nsomba za banja la chambo, zimene zimalerera ana m'kamwa, zomwe asayansi amazitcha masikilidi", wapereka zogwirira zitatu, ndipo pambuyo pake angathe kugwiritsa ntchito chachifupi.

M'chiganizo cha mitundu 700 chija mwabisala msampha wina. Mtundu ndi fuko la anthu, mtundu ndi dziko lonse, mtundu ndi kaonekedwe monga kufiira kapena chikasu, mtundu ndi gulu la zamoyo zoberekana zokhazokha. Wofotokoza akati "mbuna zili ndi mitundu yambiri" pamene chithunzi chikuonetsa nsomba zachikasu, zamizeremizere ndi zamawangamawanga, woonera amamva za maonekedwe, pamene wolemba amanena za magulu oberekana. Zonse ziwiri n'zoona, n'chifukwa chake cholakwikacho sichigwidwa. M'pulogalamu ya zamoyo n'kwanzeru kusungira liwu loti mtundu tanthauzo limodzi lokha, la zoberekana zokhazokha, ndipo ponena za kaonekedwe kutchula maonekedwe, mawanga kapena mizere.

Pamene mawu osalongosoka angathe kuvulaza munthu ndi pa zaumoyo. Tizirombo ndi dzina la nsabwe, la anankafumbwe, la zoyambitsa malungo, la zoyambitsa kolera ndi la zoyambitsa chimfine. Kwa dokotala zimenezi n'zotalikirana kwambiri: malungo amayamba ndi kamoyo kotchedwa Plasmodium kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa Anopheles, kolera amayamba ndi bakiteriya, chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo mankhwala opha bakiteriya sachita kanthu pa vairasi. Dokumentale yofuna kufotokoza chifukwa chake munthu wachimfine sayenera kumwa makapisozi a mtundu umenewo singathe kutero ngati zonse zikutchedwa tizirombo. Mawu obwereka oti bakiteriya ndi vairasi ndi ofunika pano, ndipo kuwakana chifukwa chofuna Chichewa choyera n'kusankha kukongola kwa chiganizo m'malo mwa moyo wa womvera. Choonjezera apo, kuyambira pamene matenda a Edzi adapezeka m'Malawi m'chaka cha 1985, mawu oti kachirombo akatchulidwa okha adatenga tanthauzo limodzi. Kunena pawayilesi kuti munthu wapezeka ndi kachirombo, pamene nkhani ndi ya malungo kapena ya Covid-19, n'kumunenera munthuyo zina. Dzina la matenda liyenera kutsatira nthawi zonse. Za kalembedwe, m'mabuku mukupezeka kachirombo ndi kachilombo. Pa pepala la woulutsa kusiyanako sikumveka, koma m'mawu olembedwa pakanema nyumba imodzi isankhe kamodzi.

Kalekale

Ku Karonga kuli zinthu ziwiri zimene madokumentale amakonda kuzitchula pamodzi. M'chaka cha 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza ku Uraha fupa la nsagwada la munthu wakale wa gulu la Homo rudolfensis, la zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. M'boma lomwelo mudafukulidwanso mafupa a chinyama chotchedwa Malawisaurus, cha gulu la madayinoso, chimene chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Wolemba amene akuopa manambala amathawira ku mawu oti kalekale: kalekale kudali chinyama ichi, kalekale kudali munthu uyu. Womvera amamanga ziwirizo mtolo umodzi, n'kutsimikiza kuti makolo a anthu ankathamangitsana ndi chinyamacho m'mphepete mwa nyanja. Chonsecho madayinoso a mtundu umenewo adatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke n'komwe. Kalekale wa nthano, kalekale wa Chilembwe ndi kalekale wa Malawisaurus sangakhale liwu limodzi m'pulogalamu ya sayansi.

Nambala iyenera kunenedwa, koma inenedwe mwa njira yoti khutu ligwire. Pa pepala losindikizidwa 2.4 miliyoni ndi kalembedwe kabwino. Pa pepala la woulutsa n'koipa, chifukwa iye akafika pamenepo amalumphira m'Chingerezi, ndipo womvera amene sadapite patali ndi sukulu amatsala. Kulemba m'mawu kuti "zaka pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka" kumataya pang'ono pa kulondola koma kumafika. Kuyerekeza kumathandiza koposa: kunena kuti nthawi ya chinyamacho ndi yotalika koposa ka 40 kuyerekeza ndi ya munthu wa ku Uraha kumasiyanitsa ziwirizo m'maganizo mwa womvera ngakhale manambala enieniwo atawaiwala. Zaka za pakalendala, monga 1915, anthu adazolowera kuzimva m'Chingerezi, ndipo kuziwerenga mwa Chichewa, chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi, khumi ndi zisanu, kumadya nthawi popanda phindu.

Dzina la chinyamacho nalonso lisamasuliridwe motsata tsinde lake. Richard Owen adapanga mawu oti dinosaur m'chaka cha 1842 kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza buluzi woopsa, koma zinyamazo sizidali abuluzi. Womasulira wodziwa Chigiriki chakecho akalemba kuti chibuluzi, waphunzitsa cholakwika chimene asayansi adachisiya kale. Dayinoso, ndi chithunzi pambali, n'zokwanira.

Nthawi ndi malo

Wolemba buku angathe kutanthauzira mawu m'ndime yathunthu. Wa dokumentale ya pakanema amamangidwa ndi chithunzi. M'mapulogalamu a zachilengedwe monga Life on Earth, imene David Attenborough adakonza ndi BBC m'zigawo 13 m'chaka cha 1979, mawu adayezedwa kuti agwe pa kamphindi komwe nyama ikuchita chimene chikunenedwa. Chichewa chimatenga nthawi yotalikirapo ponena chinthu chomwecho, chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu ndipo mawu ambiri aluso amasanduka mafotokozedwe. Liwu la Chingerezi loti germs ndi phatikizo limodzi. Tizirombo toyambitsa matenda ndi maphatikizo 11. Womasulira chiganizo ndi chiganizo amapeza kuti nyalugwe wagwira kale nyama pamene wofotokoza akadali kunena kuti akuyinyang'ama. Mankhwala ake si kuwerenga mothamanga. Ndi kusiya zimene chithunzi chikunena chokha, n'kusungira mpweya mawu amene chithunzi sichingathe kunena. Pano m'pamenenso pamaonekera phindu la dzina lalifupi lobwereka: likatanthauziridwa kamodzi pa malo opanda changu, limapulumutsa nthawi pa malo onse otsatira.

Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi amabweza malamulo onse a kalembedwe amene wayilesi idawabisa. Nkhodolero ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa olemba pakompyuta amaisiya pofuna kusunga malo. M'dokumentale ya chikhalidwe ng'oma ndi choimbira, pamene ngoma ndi gule wa Angoni, ndipo m'dokumentale ya zachilengedwe ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana. Kachizindikiro kamodzi kakasowa, woonera amawerenga zina. Pulogalamu ikamaonetsedwanso ku Chipata kapena ku Lusaka, mkonzi akumbukire kuti kalembedwe ka ku Zambia kamaika c pamene ka ku Malawi kamaika ch, ndi ch pamene ka ku Malawi kamaika tch. Mawu olankhulidwa angathe kukhala omwewo mbali zonse, koma olembedwa amafunika kukonzedwanso, kapena kusankha kalembedwe kamodzi n'kukasunga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Pepala lisanapite kojambulira, liwerengedwe mokweza kamodzi kokha kwa munthu wosadziwa Chingerezi ndiponso wosadziwa nkhaniyo, kenaka iye afotokoze zimene wamva. Akanena kuti anthu akale ankasaka Malawisaurus, kapena kuti mbuna ndi nsomba imodzi yosinthasintha maonekedwe, wolemba wadziwa chiganizo choyenera kukonza. Mawu amene apambana mayeso amenewa alembedwe m'kaundula wa nyumba youlutsira mawuyo, pamodzi ndi tanthauzo lake ndi pulogalamu imene adamvekamo koyamba, kuti wolemba wa chaka chamawa asadzatchule banja la chambo ndi dzina lina.